Chimbale Chopanda Ovomera

Ababa anga ndi oyimba nyimbo za gitala zotchedwa roko, ndipo sindinachitepo nazo manyazi. Ndikunena zimenezi poyamba chifukwa ku Domwe kuno alipo anthu amene amatsitsa mawu akamatchula ntchito imeneyi, ngati akunena za munthu amene anamangidwapo. Gitala anaphunzirira mumzinda wa Tete ali mnyamata, m'gulu la anzawo limene mpaka lero amalitchula kuti konjuntu. Anali ndi tsitsi lalitali, jekete lachikopa, ndi mawu okhakhala amene amatuluka ngati akukalipira munthu. Nkhondo itavuta tinathawira ku Dedza, ndipo gitala yomweyo ndi imene inatidyetsa. Ankayimba m'mabala kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu. Ufa umene ndinakulira ine unachokera m'nsambo za gitala, choncho amene akufuna kunyoza ayambe wandifunsa ine.

Amama ndi a kwaya ya kutchalitchi. Iwo sayambitsa nyimbo, ntchito yawo ndi kuvomera. Nyimbo zakale za kwathu zimayimbidwa choncho: mmodzi amaponya mzere, gulu n'kumuyankha, iye n'kuponyanso. Pa nkhani imeneyi amama alibe masewera. Ndili mtsikana ndinawaona pamaliro ena akukalipira azimayi amene anangokhala duu, mnzawo atayambitsa nyimbo. Mayi woyambitsayo anali wosakondedwa m'mudzimo, koma amama sanafune kumva zimenezo.

"Munthu akayambitsa nyimbo simumusiya yekha," anatero, "ngakhale akhale amene anakuberani nkhuku."

Ali ndi chizolowezi chimodzi chimene kwaya yonse inachilephera. Amakoka mawu omaliza. Anzawo onse atatseka pakamwa, iwo amakhala akadali pomwepo, akuwatula pang'onopang'ono. Wotsogolera kwaya anawaletsa, anawakwezera dzanja, anawayang'ana ndi diso loipa, mpaka anatopa yekha.

M'nyumba mwathu nyimbo ziwirizi sizinkakumana. Titabwerera kwathu kuchokera ku Malawi, ababa anayamba kulima kachewere ngati wina aliyense, gitala n'kumakhala m'kachipinda kosungira mbewu. Inkatuluka pakakhala ukwati kapena akawaitana mwini wa malo omwera mowa amene kuno timati baraka. Kutchalitchi ankapita, koma ankakhala benchi yomaliza pafupi ndi khomo, pakamwa ali chitsekere. Kwaya ikayamba, iwo ankatsinzina n'kupendeketsa mutu. Ine ndinkangoti madala akugona, ndipo nthawi zina ndinkawagunda ndi chigongono.

Chaka chimene ndikunenachi, titakumba kachewere, tinali pakhonde atatu kusankha yaikulu ndi yambewu. Kunja kunali fumbi lokhalokha, mvula isanayambe. Ababa anatsokomola n'kunena kuti akufuna kujambula chimbale cha nyimbo za Natale. Sankanena zatsopano zimene zinabwera ndi kiyibodi ayi. Ankanena zakale, za abusa ndi nyenyezi ndi khola la ng'ombe, zimene ankayambitsa iwo ali kamnyamata kusukulu ya mishoni ku Lifidzi, tsitsi lisanatalike.

"Mawu akutha," anatero. "Chaka chamawa mwina ndidzangotsala ndi chifuwa."

Amama sanadzutse mutu. Anaponya mbatata yowola kutali kwambiri kuposa mmene inkafunikira.

Nyimbo zimenezo zimafuna ovomera, choncho ababa anachapa malaya, chipewa kumanja, ulendo kukaonana ndi a kwaya tsiku lawo lokonzekera. Ndinawaperekeza. Wotsogolera kwaya ndi mphunzitsi wopuma, munthu waulemu amene ngakhale akukukana umaganiza kuti akukupatsa moni. Anamvetsera mpaka ababa anamaliza.

"Tamva, ababa, ndipo maganizo ndi abwino," anatero. "Koma nyimbo za Mulungu ndi gitala ya m'baraka sizidyera mbale imodzi. Anthu angatione bwanji?"

Maso onse anatembenukira kwa amama. Ndimadziwa kuti akanangonena mawu amodzi, theka la azimayi aja likanawatsatira. Koma iwo anali kalikiliki kukonza kapulana yawo, chitenje chimene chinali chomangika kale bwinobwino. Ababa anathokoza, anavala chipewa, tinatuluka. Njira yonse ine ndinali kuwira, iwo akungondionetsa minda ya anthu imene yachedwa kugalauzidwa.

Madzulo ndinawapeza amama kukhitchini. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo tsiku limenelo sindinayesenso kupagwira.

"Amama, mwawasiya amuna anu ataima okha pamaso pa anthu. Lamulo lanu lija lathera pati?"

"Iwe unali mwana," anatero. "Natale iliyonse ku Dedza ndinkakhala ndekha ndi inu m'kanyumba kodontha, m'dziko la eni. Anzanga akupita ku misa ndi amuna awo, abambo ako ali ku bala kuyimbira oledzera. Lero akalamba ndiye akumbukira kuti kunja kuno kuli Natale?"

"Nanga mpunga umene tinkadya tsiku limenelo unkachokera kuti?"

"Mpunga ndinkauona. Mwamuna ndiye sindinkamuona."

Ndinatuluka ndili wokwiyabe, koma ndinali nditamvetsa kuti nkhani sinali ya kwaya. Ababa ankafuna kuti mkazi wawo awavomere nyimbo kamodzi kokha mawu asanawathere, ndipo mkaziyo anali ndi chifukwa chake chokanira.

Anapitabe kukajambula. Situdiyo inali ku Ulongwe, kuseri kwa sitolo ya mafoni, kachipinda komata matireyi a mazira m'makoma monse. Mwini wake anali bambo wa imvi m'ndevu, amene anajambulapo makwaya ambiri a m'boma lathu. Anawaveka ababa zomvera m'makutu, anaika ng'oma pamakina ake, n'kukweza chala kuti tiyambe.

Gitala inalira. Ine ndinaimvapo kambirimbiri, koma m'kachipinda kaja inandilowa m'mafupa. Ababa anaponya mzere woyamba wa nyimbo ya abusa, kenako anatseka pakamwa. Gitala inapitiriza yokha, motsitsa. Iwo anatsinzina, mutu n'kupendekera kumanzere.

Mwini situdiyo anaimitsa makina. "Mwaiwala mawu, madala?"

"Sindinaiwale. Pamenepo ndi pa ovomera."

"Ali kuti ovomerawo?"

"Sanabwere."

Bamboyo anakanda ndevu. Anafotokoza kuti imeneyo si nkhani yovuta masiku ano. Ababa akhoza kuyimba mbali ya ovomera kangapo, iye n'kusanjikiza mawuwo, ndipo womvera angaganize kuti m'chipindamo munali tchalitchi chonse.

"Munthu sadzivomera yekha," ababa anatero. "Amene amadzifunsa n'kudziyankha timapita naye kuchipatala."

Ndinaona kuti zinthu zikuima, ndiye ndinadzipereka. "Ababa, bwanji ndivomere ine?"

Anandiyang'ana mwachifundo. "Iwe mwanawe, ukayimba nkhuku zimalowa m'khola masana."

Sindinakwiye, chifukwa ndi zoona. Makolo onse awiri oyimba, koma ine ndinatengera agogo ena amene palibe amawakumbukira. Kusukulu ankandiika kutsogolo kuti ndizingowomba m'manja.

Anajambula choncho, nyimbo ndi nyimbo, mzere ndi mpata, mzere ndi mpata. Pomvetsera pamapeto, mwini situdiyo anadandaulanso. Anati nyimbozi amazidziwa, ndipo mipata imene ababa asiya yatalika kuposa mawu a ovomera. Ngakhale kwaya itabwera mawa kudzadzaza, pazitsala kamchira kopanda kanthu pa mzere uliwonse. Anapempha kuti adule.

"Musadule."

"Pakumveka ngati mwachedwa kulowa, madala."

"Zisiyeni choncho."

Ine ndinangoti ndi makani a ukalamba. Koma ndinene za mayimbidwe awo, chifukwa pamenepo ndiye pali mtima wanga. Nyimbo zimenezi ndinazimva kuyambira ndili kumsana, zoyimbidwa mofatsa, manja ali pachifuwa. Ababa anaziyimba ndi mawu awo omwe aja a m'mabala, osweka m'mbali, gitala ikukuwa kenako n'kudzichepetsa. Kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti abusa aja anali amuna enieni, onunkha utsi, ozizidwa, amene atamva uthenga anathamangadi. Pa nyimbo ya mayi ndi mwana wake m'khola anatsitsa mawu mpaka ndinkamva mpweya wawo. Ndinakhala pa kireti ya zakumwa pakona, ndikudziuza kuti bambo ameneyu ndi wanga, ndipo m'boma lonse la Angonia mulibe wina angayimbe chonchi.

Wojambula zithunzi anabwera ndi kachipewa kofiira ka bweya woyera kuti ababa avale pachikuto. Anamufunsa ngati akuwaona ngati chidole. Anavala jekete lawo lachikopa, limene tsopano silitsekeka pamimba, n'kukaima m'munda wa kachewere gitala ili paphewa.

Chimbale chinatuluka mvula itayamba. Anyamata okopera nyimbo pamsika anachiika m'mafoni ndi m'mafulashi a anthu, ndipo sipanatenge nthawi kuti chipeze dzina. Ankachitcha chimbale chobooka. Ena ankati makina anawonongeka, ena ankati madala anajambula ataledzera n'kumaiwala mawu. Pa baraka ina ankachiika dala kuti m'mipata muja azikuwamo zopusa zawo. Ndinapitako ndekha masana, ndipo zimene ndinanena kumeneko sindingazilembe pano. Mwini baraka mpaka lero akandiona amawoloka msewu.

Ababa sanadandaule kwa munthu. Anabweza gitala m'kachipinda ka mbewu, n'kumalawirira kumunda kukapalira chimanga. Chimene chinandipweteka n'chakuti anasiya ngakhale kuyimba mluzu. Amama chimbalecho sanachimve. Ndikachiika pafoni, iwo ankakumbukira kuti ali ndi ntchito kuseri kwa nyumba.

Tsiku loti mawa ndi Natale tinapita ku Ulongwe tonse atatu kukagula mpunga, shuga ndi mafuta. Pobwerera masana mvula inali ikugwa, ndipo shapa, minibasi imene tinakwera, inadzaza mpaka pakhomo. Munali azimayi ochokera kogulitsa nyemba, ana asukulu obwerera kwawo, ndi mkulu wina wachikulire atafukata tambala. Ine ndi amama tinakhala mpando wapakati. Ababa anapanikizika pakona kumbuyo, thumba la mpunga pamiyendo, chipewa atachitsitsira kumaso.

Titangotuluka m'tauni, dalaivala anasintha nyimbo. Ndinamva kulira koyamba kwa gitala ndipo ndinaizindikira pomwepo.

"Eee, chobooka chija!" anatero kondakitala, amene kwathu timati kobradoli. Anthu anaseka. Palibe anazindikira kuti mwini wake ali momwemo.

Mawu a ababa anaponya mzere woyamba. Kenako mpata. Munangomveka gitala yotsitsa ija ndi zopukutira galasi. Sindinkadziwa kuti mpata ungatalike chotero. Ndinafuna kukuwa kuti azimitse, koma ndinaopa kuwaulula ababa. Ndinayang'ana amama. Maso awo anali pa beseni limene anafukata, nsagwada zitalimba.

Mzere wachiwiri. Mpata unanso. Apa mkulu wa tambala uja anasuntha pampando. Anali wa msinkhu wa ababa, ndipo zinkaoneka kuti nyimboyo yamukumbutsa kale. Anayesa kuvomera ndi mawu onjenjemera, koma anasokoneza. Anayamba ndi nyimbo ya abusa n'kukathera m'nyimbo ina ya Pasaka.

"Si choncho!"

Anali amama. Mawuwo anatuluka okha, ndipo shapa yonse inatembenuka.

"Pepani amayi," mkuluyo anatero. "Tinayimba kale izi, nkhondo isanabwere. Ngati mukuidziwa, tithandizeni. Nanga munthuyu tingomusiya yekha?"

Mzere wachitatu utabwera, amama anatsegula pakamwa. Ndikhulupirira kuti ankangofuna kumuonetsa mkulu uja mawu oyenera, basi. Anavomera mokweza, mwaukali pang'ono, ngati mmene amaphunzitsira atsikana atsopano m'kwaya. Atafika pa mawu omaliza anawakoka monga mwa chizolowezi chawo, n'kuwatula pang'onopang'ono. Pamene ankawatula, mawu a ababa analowa. Sanawadule, sanawadikiritse. Analowa pomwepo.

Ndinaona amama akudzidzimuka. Anavomeranso mzere wotsatira, anakokanso, ndipo chimbale chinawadikiranso. Azimayi a nyemba analowerera, mkulu wa tambala anapeza njira, ana asukulu anayamba kung'ung'udza. Onsewo ankamaliza msanga n'kutseka pakamwa. Ankatsala ndi amama okha, m'kamchira kaja kamene mwini situdiyo ankafuna kudula. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti mipata ija ababa anaiyeza pa mpweya wa munthu mmodzi.

Ndinacheukira kumbuyo. Ababa anali atakweza chipewa. Anatsinzina, mutu utapendekera kumanzere, chimodzimodzi mmene amakhalira pa benchi yomaliza. Misozi inkatsika m'makwinya a masaya awo ndipo sanaipukute. Ine ndinalira poyera, mosabisa, ndipo ndikanatha ndikanaimirira n'kuuza shapa yonse kuti awa ndi ababa anga, awa ndi amama anga. Koma m'shapa simuimirika, ndipo mwendo wanga unali pansi pa thumba la eni.

Nyimbo yachiwiri inayamba, amama sanadikire kupemphedwa. Kobradoli amene ankaseka uja tsopano ankamenya denga ndi chikhatho motsatira ng'oma. Dalaivala anakweza mawu. Tinali pakati pa nyimbo ya mayi ndi mwana pamene tinafika pa kamlatho pamene timatsikira.

"Otsika pamlatho!" kobradoli anakuwa.

"Pitirizani," amama anatero. "Nyimbo sinathe."

Tinakatsikira pamsika wa Domwe, kutali ndi kwathu, ndipo tinayenera kubwerera wapansi m'matope. Mvula inali itasanduka yowaza. Amama anali patsogolo ndi beseni pamutu, ababa pambuyo pawo ndi mpunga paphewa, ine kumapeto ndi chigubu cha mafuta.

"Yachiwiri ija mwaithamangitsa," amama anatero osacheuka.

"Mukanabwera mukanandiuza."

Anayendanso pang'ono. "Munadziwa bwanji pamene ndimapumira?"

"Zaka zonsezi pa benchi ija, inu mumati ndimagona?"

"Mwana wanuyu ndiye ankatero."

Ndinati ndisalowerere nkhani za akuluakulu. Tinadutsa minda ya chimanga chofika m'mawondo, tinapatukira kanjira ka kwathu. Nyumba yathu itayamba kuonekera, amama anachita chinthu chimene sindinawamvepo akuchita moyo wanga wonse. Anayambitsa nyimbo. Anaponya mzere woyamba wa nyimbo ya abusa, beseni lili pamutu, kenako anatseka pakamwa n'kumayendabe.

Ababa anasamutsira mpunga paphewa lina. Anatsokomola. Kenako anavomera ndi mawu awo okhakhala aja, ndipo pomaliza anayesa kukoka ngati mkazi wawo, mpweya n'kuwathera panjira.

Mzere wotsatira ndinalowerera nanenso, ndi mawu anga omwewa, ndipo palibe anandiletsa.